Grace Kelly, Katswiri wa Kanema Amene Adakhala Mfumukazi ya ku Monaco

Pakati pa akazi onse amene adatchuka pa nchito ya kanema m'dziko la America, ndi owerengeka okha amene dzina lao likumbukidwa monga la Grace Kelly. Iye adaoneka m'makanema 11 basi, kuyambira chaka cha 1951 kufikira chaka cha 1956. Koma m'zaka zochepazi adalandira mphotho yoposa zonse imene anthu a nchito imeneyi amailakalaka. Tsono ali ndi zaka 26, pamene onse ankati ulemerero wake wayamba kumene, adaisiya nchitoyo nakwatiwa ndi Kalonga wa kadziko kakang'ono ka Monaco. Ambiri amaisimba mbiri yake monga nthano yokamba kwa ana madzulo, ya mtsikana wokongola amene adakalowa m'nyumba ya mfumu. Koma amene aiyang'anitsitsa apezamo mkazi Mkatolika amene adasankha njira imodzi nataya ina imene adaikonda kwambiri, ndipo adasenza kulemera kwa kusankhako kufikira tsiku la imfa yake.

Kubadwa kwake ndi ubwana wake

Grace Patricia Kelly adabadwa pa 12 November 1929 mu mzinda wa Philadelphia, ndipo adali wachitatu mwa ana anai. Agogo ake a kuchimuna adachokera ku Ireland, m'chigawo cha Mayo, nadza ku America ali osauka monga Aairishi ambiri a masiku amenewo. Bambo ake, a John B. Kelly, adayamba moyo wao ngati mmisiri womanga ndi njerwa, ndipo mwa khama lao adakhazikitsa kampani yaikulu yomanga nyumba, nalemera ndithu. Adalinso akatswiri pa mpikisano wopalasa bwato: pa masewera a Olympic adapata mendulo zitatu za golide, ziwiri ku Antwerp m'chaka cha 1920 ndi imodzi ku Paris m'chaka cha 1924. Mai ake, a Margaret Majer, adali a mtundu wa Chijeremani, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Adabadwira mu mpingo wa Lutheran, koma adalowa Eklezia Katolika asanakwatiwe.

M'banja limeneli mwana ankayamikidwa chifukwa cha mphamvu, liwiro ndi kupambana pa mpikisano. Mlongo wake John adatsata mapazi a bambo ake nakhala wopalasa bwato wotchuka. Mkulu wake Margaret ndi mng'ono wake Elizabeth adalinso olimba ndi ochangamuka. Grace yekha adali wodwaladwala, wamanyazi, wa maso osaona patali, wokonda kukhala phee pa yekha ndi zidole zake, nkumaziyankhulitsa ngati anthu a m'sewero. Olemba mbiri yake agwirizana kuti bambo ake ankayembekeza zazikulu kwa mwana wao woyamba, osati kwa iye, ndi kuti Grace adakhala zaka zambiri akufunafuna kuti bambo akewo amuone ngati munthu wotha kanthu.

Adabatizidwa m'parishi ya Brigita Woyera ku East Falls, ndipo adaphunzira pa sukulu ya atsikana ya Ravenhill, imene inkayendetsedwa ndi asisiteri a chipani cha Assumption. Kumeneko adaphunzira katekisimu ndi mapemphero, ndiponso adayamba kuchita nawo timasewero ta pa sukulu. Pambuyo pake adapita ku sukulu ya Stevens, kumene adatsiriza maphunziro ake m'chaka cha 1947. Mwa abale ake onse, amene adamvetsa mtima wake adali a George Kelly, mbale wa bambo ake, mlembi wa masewero amene adalandira mphotho ya Pulitzer m'chaka cha 1926.

Ku New York

Makolo ake sadakondwe pomva kuti mwana wao afuna kukhala wochita masewero, pakuti nchito imeneyi inali ndi mbiri yoipa pakati pa mabanja aulemu. Komabe adamlola, poganiza kuti adzatopa msanga nabwerera kwao. Motero m'chaka cha 1947 Grace adalowa sukulu ya masewero ya American Academy of Dramatic Arts ku New York, nakhala m'nyumba ya Barbizon, mmene munkagona akazi okhaokha. Ngakhale adali mwana wa munthu wachuma, adafuna kudzilipirira yekha; tsono ankajambulitsa zithunzi zotsatsira malonda m'nyuzipepala, ndipo ndalama zake nzimene ankadyera ndi kulipirira sukulu. Aphunzitsi ake adamuuza kuti liu lake nlopyapyala ndi lotulukira m'mphuno. Iye adagula makina ojambulira mau, nadzimvetsera yekha tsiku ndi tsiku, kufikira atasintha kayankhulidwe kake konse.

M'chaka cha 1949 adaoneka koyamba pa bwalo lalikulu la masewero la Broadway, m'sewero la August Strindberg lotchedwa The Father. M'zaka zotsatira adachita masewero ngati 60 pa wailesi ya kanema. Masiku amenewo masewero otere ankaulutsidwa nthawi yomweyo imene akuchitika, kotero kuti wolakwitsa mau sankakhala ndi mpata wobwereza. Kumeneko ndiko kumene adaphunzira kuloweza mau ake bwino, kufika pa nchito nthawi yake, ndi kuugwira mtima pamaso pa anthu.

Zaka za ulemerero ku Hollywood

Kanema wake woyamba, Fourteen Hours, adatuluka m'chaka cha 1951, ndipo mbali yake inali yaing'ono. Chaka chotsatira adaoneka mu High Noon pamodzi ndi Gary Cooper, ngati mkwatibwi wodana ndi mfuti amene mwamuna wake ayenera kukomana yekha ndi zigawenga. Chaka chomwecho adachita pangano la zaka 7 ndi kampani ya MGM, ndipo adatumizidwa ku Africa kukajambula Mogambo pamodzi ndi Clark Gable ndi Ava Gardner, motsogozedwa ndi John Ford. Kanemayo adajambulidwa ku Kenya, Tanganyika ndi Uganda kumapeto kwa 1952 ndi kumayambiriro kwa 1953, nthawi imene nkhondo ya Mau Mau inali itangoyamba ku Kenya. Chifukwa cha kanema ameneyu dzina lake lidalembedwa koyamba pakati pa opikisana pa mphotho ya Oscar.

Amene adazindikira bwino luso lake adali Alfred Hitchcock, Mngelezi wodziwa kukonza makanema ogwira mtima ndi mantha. Iye adaona kuti pansi pa nkhope yofatsa ndi yaulemu ya mtsikanayu panali moto ndi nthabwala, ndipo adamuika m'makanema atatu: Dial M for Murder ndi Rear Window m'chaka cha 1954, ndi To Catch a Thief m'chaka cha 1955. Wotsirizayu adajambulidwa m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa France, pafupi ndi Monaco.

Koma Grace sadafune kuti anthu azimuyamikira kukongola kokha. Atamva za sewero la The Country Girl, adalimbana ndi akuluakulu a MGM, amene sankafuna kumbwereketsa ku kampani ina, kufikira atamlola. M'menemo adavala zovala zakutha ndi magalasi a maso, nakhala mkazi wotopa wa woimba amene mowa udamuononga, mkazi amene anthu amuneneza kuti ndiye gwero la mavuto a mwamuna wake pamene iye ndiye amchirikiza. Mwamunayo adali Bing Crosby. Pa 30 March 1955 Grace adalandira mphotho ya Oscar ya mkazi wopambana onse pa chaka chimenecho, kuposa Judy Garland amene ambiri ankamuyembekeza.

Kwa Mkatolika malo amenewa adali oterera. Aepiskopi a ku America adali atakhazikitsa bungwe la Legion of Decency loyesa makanema ndi kuchenjeza akristu za oipa, ndipo m'chaka cha 1936 Papa Pius XI adalemba kalata ya Vigilanti Cura yonena za mphamvu ya kanema pa kumanga kapena kuononga makhalidwe a anthu. Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ku Hollywood maukwati ankatha ngati masewera, ndipo kampani inkamuyesa wochita masewero ngati katundu wake. Grace atakana kuchita makanema ena amene adawaona kuti ngachabe, MGM idamuimitsa nchito m'chaka cha 1955. Nyuzipepala za miseche zidalemba zambiri zomphatikiza ndi amuna amene ankagwira nawo nchito, ndipo zimenezi zidawawa makolo ake. Adakondana ndi Oleg Cassini, mmisiri wokonza zovala, nafuna kukwatirana naye. Koma iyeyo adali atasudzula kawiri, ndipo makolo a Grace adakana kwa mtu wa galu. Chibwenzicho chidatha. Motero mtsikana amene dziko lonse linkamsirira adafika zaka 25 ali ndi mphotho m'manja, koma wosungulumwa, wolakalaka banja ndi ana.

Kalonga wa ku Monaco

Monaco ndi kadziko ka m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kozingidwa ndi France. Pa maiko onse a pansi pano, Vatican yokha ndiyo ichepa kuposa iko. Banja la Grimaldi lidayamba kulamulira kumeneko m'chaka cha 1297, ndipo Chikatolika ndicho chipembedzo cha boma. Kalonga Rainier III, wobadwa m'chaka cha 1923, adalowa ufumu m'chaka cha 1949, ndipo adali mbeta. Anthu ake ankada nkhawa, pakuti pangano la 1918 pakati pa Monaco ndi France linkati mpando ukadzasowa wolowapo, kadzikoko kadzagwa m'manja mwa France.

M'mwezi wa May 1955 Grace adapita ku chikondwerero cha makanema ku Cannes, ndipo olemba magazini ya Paris Match adakonza zoti akajambulidwe pamodzi ndi Kalonga ku nyumba yachifumu. Adakomana pa 6 May, nayenda pang'ono m'munda wa maluwa, nasiyana. Pambuyo pake adayamba kulemberana makalata mobisa. Amene adathandiza kwambiri adali Bambo Francis Tucker, wansembe wa ku America wa chipani cha Oblates a Francis de Sales Woyera, amene adali mlangizi wa zauzimu wa Kalonga. Pa Khirisimasi ya 1955 Kalonga adafika ku Philadelphia pamodzi ndi Bambo Tucker, nakaonekera kwa makolo a mtsikanayo, ndipo pa 5 January 1956 chinkhoswe chidalengezedwa.

Grace adatsiriza kanema wake wotsiriza, High Society, ndipo pa 4 April 1956 adakwera sitima ya pamadzi ya Constitution ku New York pamodzi ndi abale ake, nafika ku Monaco pa 12 April. Ukwati wa ku boma udachitika pa 18 April. M'mawa mwake, pa 19 April, adalandira Sakramenti la Ukwati m'tchalitchi chachikulu cha Monaco pamaso pa Ambuye Gilles Barthe, Episkopi wa kumeneko. Anthu ngati 30 miliyoni adaonerera pa wailesi ya kanema. Mkwatibwi adanyamula kabuku ka mapemphero ndi maluwa oyera, ndipo maluwawo adakawasiya m'katchalitchi ka Devota Woyera, nkhoswe ya dzikolo.

Mlendo m'nyumba yachifumu

Zikondwerero zitatha, moyo weniweni udayamba. Mfumukazi yatsopanoyo idali mlendo: Chifalansa inkachidziwa pang'ono, miyambo ya pa bwalo la mfumu inali yambiri ndi youma, abale ndi abwenzi adali kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo ojambula zithunzi ankailondola paliponse. Mkazi amene adazolowera kudzipezera ndalama ndi kudzisankhira nchito tsopano adayenera kupempha chilolezo ndi kusunga mwambo pa kanthu kalikonse.

Mulungu adawadalitsa ndi ana atatu: Caroline pa 23 January 1957, Albert pa 14 March 1958, ndi Stéphanie pa 1 February 1965. Ndi kubadwa kwa anawa nkhawa ya anthu a ku Monaco idatha, pakuti mpando udapeza wolowapo. M'chaka cha 1957 Kalonga ndi mkazi wake adakaonana ndi Papa Pius XII ku Vatican. M'chaka cha 1960 bambo ake a Grace adamwalira, ndipo chaka chotsatira iye adakacheza ku Ireland, nakaona kanyumba ka makolo ake ku Mayo.

Yeso lalikulu lidadza m'chaka cha 1962. Hitchcock adampempha kuti abwerere kudzachita kanema wotchedwa Marnie, ndipo iye adavomera mokondwa; Kalonga nayenso sadaletse. Koma nkhaniyi itamveka, anthu a ku Monaco adanyansidwa pomva kuti Mfumukazi yao ikaoneka ngati mkazi wakuba, ndi kukumbatiridwa ndi mwamuna wina pamaso pa dziko lonse. Chaka chomwecho panali mkangano woopsa pakati pa Monaco ndi boma la General de Gaulle pa nkhani ya misonkho, ndipo sinali nthawi yoti mkazi wa Kalonga achoke. Mapanga awiri avumbwitsa. Grace adalembera Hitchcock kalata yobweza mau ake, ndipo mbaliyo idapatsidwa kwa Tippi Hedren. Abwenzi ake adachitira umboni kuti chinthu chimenechi chidamsweka mtima. Kuyambira pamenepo adadziwa kuti khomo la nchito yake yakale latsekeka, ndipo sadabwererenso ku Hollywood kukachita sewero.

Nchito zake zachifundo

Mphamvu zimene akadathera pa kanema adazipereka kwa osowa. Kuyambira m'chaka cha 1958 adali mtsogoleri wa bungwe la Red Cross la ku Monaco, ndipo ankayendera odwala, okalamba ndi ana amasiye. M'chaka cha 1963 adakhazikitsa bungwe la AMADE loteteza ana a m'maiko onse, posayang'ana mtundu kapena chipembedzo, ndipo m'chaka cha 1964 adayambitsa thumba la Princess Grace Foundation lothandiza amisiri a nchito za manja ndi achinyamata ophunzira luso. Pa nthawi imene akazi olemera ankayesa kuyamwitsa chinthu chamanyazi, iye adayamwitsa ana ake yekha, ndipo m'chaka cha 1971 adakayankhula poyera ku Chicago pa msonkhano wa La Leche League, kulimbikitsa amai kuti aziyamwitsa.

Pamene Josephine Baker, woimba wakuda wochokera ku America amene adalera ana 12 a mitundu yosiyanasiyana, adalandidwa nyumba yake ku France chifukwa cha ngongole, Mfumukazi Grace adampezera pokhala ku Roquebrune, pafupi ndi Monaco, pamodzi ndi ana akewo. Baker atamwalira m'chaka cha 1975 adaikidwa m'manda a ku Monaco.

M'mwezi wa August 1976 Grace adabwerera ku Philadelphia, mzinda wobadwira, pamodzi ndi mwamuna wake, kudzakhala nawo pa Msonkhano wa 41 wa Ukaristia wa dziko lonse, kumene adayankhula za moyo wa banja lachikristu. Pa msonkhano womwewo panali Mai Teresa wa ku Calcutta ndi Kardinala Karol Wojtyła, amene patapita zaka ziwiri adakhala Papa John Paul II. Chaka chomwecho adayamba kuwerenga ndakatulo pamaso pa anthu ku Edinburgh, ndipo pambuyo pake m'mizinda ina, ndalama zake nkupita ku nchito zachifundo. M'zaka zake zotsiriza adaimanso pamaso pa makina ojambulira, pothandiza Bambo Patrick Peyton, wansembe wa chipani cha Mtanda Woyera wobadwira ku Mayo komwe, amene adathera moyo wao wonse akulalika kuti mabanja azipemphera Korona pamodzi. M'makanema a Bambo Peyton, Grace ankafotokoza za kubadwa, masautso ndi kuuka kwa Ambuye. Motero liu lija adalisula ali mtsikana ku New York lidatsirizira nchito yake pa kuphunzitsa za chipulumutso.

Banja lake silidasowe mitanda. Mwana wake woyamba adakwatiwa m'chaka cha 1978 ndi mwamuna amene makolo sadamkhulupirire, ndipo patangopita zaka ziwiri ukwatiwo udasweka, nyuzipepala za maiko onse zikuonerera. Mai amene ankalangiza ena za banja adalawa yekha chisoni chimene makolo ambiri achidziwa, cha kuona mwana akulowa m'njira imene iwo adamchenjeza.

Imfa yake

M'mawa wa pa 13 September 1982 Grace adanyamuka pa galimoto kuchokera ku nyumba yao ya kumapiri ya Roc Agel kutsikira ku Monaco, akuyendetsa yekha, ali ndi mwana wake Stéphanie wa zaka 17. Ali pa mseu wokhotakhota wa m'phirimo adagwidwa mwadzidzidzi ndi nthenda ya mitsempha ya mu ubongo; galimoto idalephera kukhota, nigwera kuphompho. Mwanayo adavulala koma adapulumuka. Mai ake adatengedwa kunka ku chipatala chimene chinkatchedwa ndi dzina lao lomwe, ndipo adamwalira usiku wa pa 14 September, tsiku la chaka cha Kukwezedwa kwa Mtanda Woyera, ali ndi zaka 52.

Misa ya maliro idachitika pa 18 September m'tchalitchi chomwe chija adakwatiriramo. Padafika mafumu, akazi a atsogoleri a maiko, ndi anzake akale a ku Hollywood monga Cary Grant. Ndipo anthu adaona Kalonga Rainier akuyenda pambuyo pa bokosi, wosweka mtima, misozi ili mbwembwembwe. Sadakwatirenso. Adabzala munda wa maluwa a rozi wokumbukira mkazi wake, nakhala wamasiye zaka 22 ndi miyezi ingapo, kufikira adamwalira pa 6 April 2005, naikidwa pambali pake. Mwana wao Albert ndiye adalowa ufumu.

Eklezia sadamtchule Grace Kelly kuti ndi woyera, ndipo iye mwini sadadziyese wotero. Adali ndi zofooka zake, ndipo masiku ena adalira nchito imene adaisiya. Koma mau amene adapereka pa guwa m'chaka cha 1956 adawasunga zaka 26, pa mtendere ndi pa mavuto, ngakhale pamene kusunga kwake kudamlanda chinthu chimene ankachidziwa bwino koposa zonse. Akatekisti amene amakonzekeretsa anyamata ndi atsikana ku Sakramenti la Ukwati angapeze m'mbiri imeneyi chitsanzo chomveka: kuti wolonjeza salonjeza za tsiku la madyerero lokha, komanso za zaka zimene sanazione. Pa mwala wa manda ake m'tchalitchi cha Monaco sipadalembedwe za kanema kapena za mphotho ya Oscar; padalembedwa m'Chilatini dzina lake la ubatizo, chaka cha imfa yake, ndi kuti adali mkazi wa Kalonga Rainier III. Mzimu wake uuse mu mtendere.